MAPIKO A KANDEGE KA MAKEDZANA: MMENE TINGAWAMANGIRE NDI ZIPANGIZO ZAKWATHU

Mwana aliyense wokulira pa chilumba cha Likoma amadziwa kupanga zidole ziwiri: galimoto ya mawaya ndi bwato la thanga. Chidole chachitatu, chimene ambiri amachiyesa koma chimawakanika, ndi ndege. Thupi la ndege amalisema bwinobwino, matayala amadula ku patapata wakutha, koma akafika pa mapiko amangotenga katoni kapena kathabwa nkukhomerapo. Mapeto ake chinthucho chimaoneka ngati mtanda wokhala ndi matayala.

Cholinga changa m'nkhani ino ndi kufotokozera anzanga pano pa seminale mmene ine ndimapangira mapiko a tindege tofanizira ndege zamakedzana, popanda kugula m'sitolo chilichonse chodulidwa kale. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Phiko silisemedwa ngati chipande. Phiko limamangidwa monga amamangira denga la nyumba kapena bwato la matabwa, kuyambira m'kati, ndipo wolamula ntchito yonse ndi muyeso.

NDEGE YOTI TIFANIZIRE

Tisanagwire lumo, tiyambe tasankha ndege. Ine ndimasankha ndege zimene zidaulukapo m'dziko lathu lino. M'chaka cha 1949 kampani ya ku Britain yotchedwa BOAC idayamba kutereza ndege zake pa madzi ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Ndegezo zinali za mtundu wa Short Solent, za mainjini anayi, ndipo pansi pake panali ngati bwato. Zinkachokera ku Southampton pa ulendo wopita ku Vaal Dam, kufupi ndi Johannesburg. Maulendowa sadakhalitse, adatha m'chaka cha 1950.

Ndege ina ndi Beaver, yopangidwa ndi kampani ya de Havilland ya ku Canada. Idauluka koyamba pa 16 August 1947, ndipo pofika 1967 anali atapanga ndege 1,657 za mtundu umenewu. Inali ya injini imodzi, mapiko ake ali pamwamba pa denga, ndipo inkatha kunyamuka ndi kutera pa bwalo lalifupi lafumbi. Nchifukwa chake kampani ya Central African Airways inkaigwiritsa ntchito m'mabwalo ang'onoang'ono a dziko la Nyasaland. Pamene Air Malawi inkayamba m'chaka cha 1964, idayamba ndi ndege za mitundu iwiri, DC-3 ndi Beaver, ndipo Beaver ndiyo inkafika m'malo monga Mzuzu ndi Karonga. Air Malawi nayo idatsekedwa m'chaka cha 2013.

Lero pa bwalo lathu la ndege ku Likoma pamatera tindege tamakono tobweretsa alendo odzaona nyanja ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Solent ndi Beaver za nthawi ija zidatsala m'zithunzi, ndipo agogo amene adaziona ndi maso akutha mmodzimmodzi. Kandege kopangidwa motsata miyeso yeniyeni kamathandiza mwana wa lero kuona chimene agogo ake adaona. Koma kakakhala kopotoka ndi kosalingana, kamamunamiza mwanayo.

Woyamba kumene ndimamulangiza Beaver. Phiko lake ndi lofanana m'lifupi kuchokera pa thupi mpaka pafupi ndi nsonga, choncho nthiti zake zonse ndi za msinkhu umodzi. Phiko la Solent limanka licheperachepera, ndipo limafuna munthu amene manja ake adazolowera kale.

PHIKO NCHIYANI?

Mukaliyang'ana phiko la ndege cha m'mbali, ngati mwalidula pakati, mudzaona kuti si thabwa. Kutsogolo ndi kobulungira, pamwamba mpokwera ngati msana wa chambo, ndipo kumbuyo limathera mosongoka ngati mpeni. Likamayenda mumpweya, kutsogolo kwake kutadzuka pang'ono, limakhotetsera mpweya pansi. Mpweya wa pamwamba umathamanga kwambiri ndipo umapanikiza phikolo mochepa, pamene wa pansi umalipanikiza kwambiri. Kusiyana kumeneku ndiko kumanyamula ndege. Yesani kutulutsa dzanja m'bwato la injini likamathamanga, chikhatho chitapendekeka pang'ono, mudzamva dzanja likukankhidwira m'mwamba. Mukalipendeketsa kwambiri, mphepo imangolikankhira kumbuyo. Phiko nalonso limatero: likadzuka kupitirira madigiri 15 kapena chapompo, mphamvu yonyamula ija imayamba kutha.

Anthu adavutika nthawi yaitali kuti adziwe zimenezi. Otto Lilienthal wa ku Germany adaphunzira mapiko a mbalame nayamba kuuluka ndi mapiko opanda injini, mpaka adafa pa ngozi m'chaka cha 1896. Abale awiri a ku America, Wilbur ndi Orville Wright, adapanga bokosi lopemereramo mphepo m'chaka cha 1901 momwe adayeseramo timapiko pafupifupi 200 tosiyanasiyana. Pa 17 December 1903, chaka chomwe ntchito yomanga tchalitchi cha St Peter's idayamba kwathu ku Likoma, ndege yawo idauluka kwa masekondi 12, mtunda wa mamita 37. Mapiko ake anali a timitengo ndi nsalu. Taonani, anthu amene adayamba kuulutsa ndege adayambira pa timapiko tating'ono ngati tomwe tikukambati.

M'kati mwa phiko muli zinthu zinayi. Choyamba ndi msana, kamtengo kotalika kochokera pa thupi la ndege mpaka kunsonga, komwe kamasenza katundu yense monga mtanda wa denga. Chachiwiri ndi nthiti, zimene zimapatsa phiko maonekedwe ake. Chachitatu ndi mphumi, kamtengo ka m'mphepete mwa kutsogolo. Chachinayi ndi kamtengo ka m'mphepete mwa kumbuyo, komwe ine ndimangokatcha mpendero. Pamwamba pa zonsezi pamabwera khungu. Amisiri okhoma mabwato m'mbali mwa nyanja kwathu sangadabwe nazo zimenezi, poti nawonso amadziwa kuti bwato limalimba ndi msana ndi nthiti zake.

MASAMU POYAMBA

Beaver yeniyeni, kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake, inali mamita 14.63. Kuchokera kumphuno mpaka kumchira inali mamita 9.22, ndipo phiko m'lifupi linali pafupifupi mamita 1.6. Ine ndimagwiritsa ntchito sikelo ya 1:20, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 20 pa ndege yeniyeni. Tikagawa miyeso yonse ndi 20, mapiko akukhala masentimita 73, thupi masentimita 46, ndipo m'lifupi mwa phiko masentimita 8. Wofuna kupanga Solent, yomwe mapiko ake anali opitirira mamita 34, asayerekeze sikelo imeneyi, chifukwa kandege kake kadzakhala kotalika kuposa mwini wake. Iyeyo agawe ndi 48, ndipo adzapeza masentimita 72.

Lamulo lake ndi ili: nambala imene mwagawira chinthu chimodzi, mugawire zonse. Musanene kuti phikoli likuoneka laling'ono, ndiliwonjezere pang'ono. Maso amanama, rula sanama.

Tengani pepala lalikulu, ngakhale kumbuyo kwa kalendala yakale, mujambule phiko limodzi mu msinkhu wake weniweni. Pa kandege kanga ndimasiya masentimita 7 pakati, pamene pali denga la thupi, ndipo phiko lililonse limakhala masentimita 33 m'litali ndi 8 m'lifupi. Lembani mzere wa msana pa masentimita 2.5 kuchokera kutsogolo, kenaka mizere ya nthiti motalikirana masentimita 3. Zikukwana nthiti 12 pa phiko limodzi. Gwiritsani ntchito sikweya ya m'bokosi la masamu kuti mizere ya nthiti iime chilili pa mzere wa msana. Mukatha, gunditsani pepalalo pa galasi la zenera masana, mutsatire mizereyo kumbuyo kwake. Pamenepo mwapeza pulani ya phiko la mbali inayo. Wodumpha sitepe imeneyi amapezeka wamanga mapiko awiri akumanzere okhaokha.

ZIPANGIZO

Kumaiko ena opanga tindege amagula mtengo wopepuka wotchedwa balsa, umene wambiri umachokera ku Ecuador. Ife balsa wathu ndi chiwale. Phesi la chiwale lili ndi mbali ziwiri zothandiza: m'kati mwake ndi mofewa ndi mopepuka, moyenera nthiti, pamene khungu lake ndi lolimba ndipo limang'aluka mowongoka. Pa chilumba chathu, chomwe ndi cha miyala, milambe ndi mango, chiwale ndi nsungwi nzosowa. Timadalira zobwera pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, kapena pa mabwato a matanga ochokera tsidya la Mozambique cha ku Cobue. Ndiye munthu ukaononga phesi lako lero, udikira sabata yathunthu kuti sitima ibwerenso. Ichi nchifukwa china choyezera kawiri usanadule.

Mufunika phesi limodzi la chiwale louma bwino, kachidutswa ka nsungwi yokhwima kotalika masentimita 40, chitini chopanda ntchito, masipoko awiri a njinga, mapini, lumo latsopano, sandipepa wosalala, guluu woyera wa akalipentala, pepala lokutira ndi vanishi pang'ono. Chiwale chachiwisi musachigwiritse ntchito, chimapindika pouma. Chokhala ndi timabowo totuluka ufa nachonso chitayeni, muli tizilombo. Phala la ufa wa chinangwa limamata mapepala ndithu, ndipo kwathu kodya kondowole silisowa, koma limaitana mphemvu ndipo nthawi ya mvula limachita nkhungu. Pa mafupa a phiko guluu wa akalipentala ndiye woyenera.

Lumo mulikulunge mbali imodzi ndi kansalu kapena selotepi, ndipo podula muzilozetsa kutali ndi zala zanu.

Chipangizo chofunika kuposa zonse ndi thabwa lomangirapo. Likhale lowongoka ndi lofewa moti pini nkulowa. Liyeseni pogoneka rula chammbali m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Ngati pansi pa rula pakuoneka kuwala, thabwalo nlopindika, ndipo phiko lomangidwa pamenepo lidzatengera kupindika komweko.

KUSEMA NTHITI

Pa pepala jambulani nthiti imodzi: masentimita 8 m'litali, pansi powongoka, pamwamba pokwera mpaka sentimita imodzi pa malo a msana, kenaka potsika pang'onopang'ono mpaka kumbuyo. Maonekedwe amenewa ndi ofanana ndi amene adakonza Virginius Clark wa ku America m'chaka cha 1922, otchedwa Clark Y. Si ndendende a Beaver, koma opanga tindege amawakonda chifukwa pansi pake mpowongoka ndipo nthiti zimakhazikika bwino pa thabwa. Pa chojambulacho chotsani mamilimita 4 kutsogolo, malo a mphumi, ndi sentimita imodzi kumbuyo, malo a mpendero. Chotsalacho ndiyo nthiti yoti museme.

Mukamasema nthiti imodziimodzi, sizingafanane ngakhale mutakhala waluso chotani. Njira yake ndi ya chikombole, monga amaumbira njerwa. Dulani nthiti ziwiri za chitini zofanana ndendende, muzibowole mabowo awiri pa malo amodzimodzi. Kenaka lengani m'kati mwa chiwale timapale tokhuthala mamilimita 3, tokulirapo pang'ono kuposa chikombole, mitsempha ya chiwale itatsata m'litali mwa nthiti. Sanjani timapale 15 pakati pa zikombole ziwiri zija, mubaye zonse ndi masipoko awiri, mumange zolimba ndi mphira. Tsopano palani mtolo wonsewo ndi sandipepa wokulungidwa pa kathabwa mpaka sandipepa ayambe kukhudza chitini mbali zonse ziwiri. Musanamasule, dulani mpata wa msana kunsi kwa mtolo wonse nthawi imodzi. Mukamasula mupeza nthiti 15 zofanana ngati mapasa. Bwerezani kachiwiri kuti zikwane 30: za mapiko 24, za pakati zitatu, ndi zitatu zapadera poti zina zimasweka.

Njira yomweyi ndiyo imagwira ntchito pa Solent, kungoti chikombole chimodzi chimakhala chachikulu, cha pa thupi, china chaching'ono, cha kunsonga. Mukapala, nthiti zimatuluka zotsatizana misinkhu zokha, ndipo muzilembe manambala musanazimwaze.

Msana ung'ambeni ku nsungwi, mamilimita 3 kukhuthala ndi 6 kutalika kwake choimirira. Pewani mfundo za nsungwi ngati nkotheka. Ugubuduzeni pa thabwa kuti muone ngati uli wowongoka. Mphumi mutha kuitenga ku nsungwi yomweyo kapena ku khungu la chiwale, ndipo mpendero useme ku chiwale, mbali imodzi yokhuthala, inayo yopyapyala.

KUMANGA PA THABWA

Yalani pulani pa thabwa, pamwamba pake muyale pepala la pulasitiki loonekera, ngati la shuga, kuti guluu asamate phiko ku pulani. Gonekani msana pa mzere wake. Musaubaye ndi pini, ungang'aluke. Mapini awiri muwakhome mopingasana pamwamba pake kuti aupanikize. Khomaninso mpendero pa mzere wake. Kenaka lowetsani nthiti imodziimodzi, kadontho ka guluu pa msana, kena pa mpendero, ndipo iliyonse muiyese ndi sikweya kuti yaima chilili. Nthiti ikakana kulowa, musaikakamize, kulitsani mpata ndi sandipepa. Chinthu cholowa mokakamiza chimakhala chikukoka, ndipo tsiku lomwe mudzazule mapini chidzapotoza phiko. Pomaliza matani mphumi kutsogolo kwa nthiti zonse.

Guluu wambiri salimbitsa phiko, amangolilemeretsa. Mutengeni ndi kamtengo ka machesi.

Pali zinthu ziwiri zoti muchite guluu asanaume. Choyamba, nthiti yoyambirira, ya pa thupi, muipendeketse pang'ono, mutu wake utaweramira kunsonga ya phiko. Chifukwa chake ndifotokoza posachedwa. Chachiwiri, matani kachidutswa ka chiwale pakati pa nthiti ziwiri kunsi kwa phiko, pamalo pomwe padzagwire mchirikizo. Beaver ili ndi mchirikizo umodzi mbali iliyonse, wochokera m'munsi mwa thupi kukagwira kunsi kwa phiko. Onani pa chithunzi pomwe ukufikira, muyeze, mugawe monga mwa sikelo. Mukaiwala kachidutswaka, mchirikizo udzagwira pepala lokha.

Tsono lisiyeni phikolo usiku wonse. Apa mpamene anyamata ambiri amagwera, chifukwa mtima umafuna kulinyamula ndi kukaonetsa anzako. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. M'mawa zulani mapini, mupale mphumi kuti ibulungire, ndipo kunsonga mumate kachidutswa ka chiwale nkukasema mozungulira monga chithunzi chikuonetsera.

KULUMIKIZA MAPIKO AWIRI

Mukaiyang'ana ndege ya mtundu uwu kuchokera kutsogolo, mudzaona kuti nsonga za mapiko ndi zokwera pang'ono kuposa pakati. Akatswiri amati dihedral. Ntchito yake ndi yakuti ndege ikapendekeka nkuyamba kutsetserekera mbali imodzi, phiko la m'munsi limanyamula kwambiri kuposa linzake, ndipo ndege imabwerera yokha m'malo mwake. Ichi nchifukwa chake tidapendeketsa nthiti yoyambirira ija.

Mangani kachigawo ka pakati ka masentimita 7 ndi nthiti zitatu, mukakhome pa thabwa. Gunditsani phiko lililonse mbali yake, ndipo pansi pa nsonga iliyonse muike chochirikiza chokwera sentimita imodzi. Zochirikizazo zikhale zofanana, zodulidwa ku kamtengo kamodzi. Kuti mfundoyo ilimbe, dulani kansungwi kooneka ngati V yotambasuka kwambiri, kamate kumbali kwa misana kuti kalumikize phiko ndi chigawo cha pakati. Wofuna kuti kandege kake kaziuluka akakaponya akweze nsonga masentimita 3, ngakhale kuti potero kasiyana pang'ono ndi Beaver yeniyeni.

KHUNGU

Apa pafunika kudziwa mbiri ya ndege imene mukufanizira. Ndege zina zakale, monga Tiger Moth ya 1931, zinali zokutidwa ndi nsalu, ndipo nthiti zake zinkaonekera. Beaver inali yokutidwa ndi chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, choncho phiko lake liyenera kukhala losalala. Pa ndege ya nsalu gwiritsani ntchito pepala lopyapyala kwambiri, longa lomwe amakulungira nsapato zatsopano. Pa Beaver tengani pepala lolimbirapo, longa la kalendala yopyapyala.

Pepala lili ndi mitsempha ngati mtengo. Ling'ambeni muone: mbali ina limang'ambika mowongoka, mbali ina mokhotakhota. Mbali yowongokayo itsate m'litali mwa phiko. Yambani kukuta pansi, kenaka pamwamba, ndipo phiko lililonse likhale ndi pepala lakelake. Guluu mumusungunule ndi madzi pang'ono. Pepala lolimba limatidwe pa nthiti iliyonse, kuyambira ku mpendero, kuzungulira mphumi. Pepala lopyapyala limatidwe m'mphepete mokha, ndipo likauma muliwaze madzi pang'ono ndi mswachi wakutha, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Pouma limakokana nkukhala ngati chikopa cha ng'oma.

Kukokana kumeneku ndi kwabwino komanso ndi koopsa. Pepala lonyowa lili ndi mphamvu yopotoza phiko lonse. Choncho libwezereni pa thabwa, pansi pake mutaika timitengo ta machesi kuti mpweya uzipita, mulipanikize ndi mapini m'mphepete, liume lili pomwepo. Muliumitse pa mthunzi. Dzuwa la ku Likoma la mwezi wa October limaumitsa usipa tsiku limodzi, ndipo phiko lingaliumitse mbali imodzi nkulisandutsa uta. Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi ya mwera, cha mu June ndi July, pamene kunja kuli kouma koma kosatentha. Nthawi ya dzinja guluu amachedwa kuuma ndipo pepala limalefuka.

Likauma, pakani vanishi wosungunula kawiri, mopyapyala, ndipo nthawi iliyonse libwerere pa thabwa. Vanishi amatseka pepala kuti chinyezi cha kunyanja chisalowe. Kenaka pakani utoto wa siliva. Ndi rula ndi pensulo yosongoka lembani mizere ya tizitseko ta kumbuyo kwa phiko. Ta pafupi ndi thupi ndi mafulapu, amene amatsika ndege ikamanyamuka ndi potera kuti ithe kuuluka pang'onopang'ono osagwa. Ta kunsonga amati aileron, ndipo ndito timapendeketsa ndege pokhota. Pa Beaver ma aileron nawonso amatsika pang'ono pamodzi ndi mafulapu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinsinsi zomwe zinkaithandiza kutera pa mabwalo aafupi.

KUYESA NTCHITO

Gwirani phiko patsogolo panu, mutseke diso limodzi, muliyang'ane kuchokera kumbuyo monga kalipentala ayang'anira thabwa. Mpendero ndi mphumi zikhale zolingana kuchokera pakati mpaka kunsonga, mbali zonse ziwiri. Ngati mbali ina yapotoka, musataye mtima. Igwireni pa nthunzi ya ketulo kwa kanthawi, muipotozere mbali inayo pang'ono, muikhomenso pa thabwa mpaka mawa.

Pomata phiko pa thupi, tengani ulusi wa ukonde, muyeze kuchokera kunsonga ya kumanja kufika kumchira, kenaka kuchokera kunsonga ya kumanzere kufika pomwepo. Miyeso iwiriyi ikafanana ndiye kuti phiko lakhala bwino. Michirikizo ibwere pomaliza, ndipo muidule molingana ndi malo ake, isakankhe phiko kapena kulikoka. Ngati kandege nkoti kaziuluka, kanyamuleni ndi zala ziwiri pansi pa msana wa phiko. Kakagwera kumchira, ikani kamtovu ka ukonde kumphuno mpaka kakhale mowongoka, mphuno itaweramira pansi pang'ono. Kayeseni pa mchenga madzulo mphepo itadeka. Pa bwalo la ndege si malo oseweretsapo tindege, ngakhale patakhala zii.

MAWU KWA MAKOLO NDI ABAMBO ANSEMBE

Ndikudziwa kuti makolo ena akaona mnyamata wa sekondale akupala chiwale amati wabwerera ku umwana, bwenzi akuwerenga kapena kuthandiza kukoka chilimira. Nkhawa yawo ndi yomveka, poti fizi siitola pansi. Komabe ndikupempha kuti ayang'anitsitse chimene mwanayo akuchita. Kuti apeze masentimita 73 wagawa nambala ya madesimali. Kuti aimike nthiti wagwiritsa ntchito ngodya ya madigiri 90. Kuti kandege kasagwere kumchira waphunzira za pakati pa kulemera kwa chinthu, phunziro lomwe timalipeza m'kalasi ya sayansi. Zimene pa bolodi zimaoneka ngati nthano, pa thabwa zimagwirika ndi manja, ndipo ukalakwitsa masamu phiko limakuuza lokha popanda mphunzitsi.

Kwa Abambo Ansembe otiyang'anira, pempho langa ndi laling'ono: thabwa limodzi lowongoka, ndi kangodya m'chipinda china komwe phiko lingagone usiku osasunthidwa ndi osesa. Nthawi yake ikhale ya Loweruka masana, osati ya maphunziro kapena ya mapemphero. Zina zonse tidzabwera nazo tokha pochokera ku holide.

Ndipo kwa inu anzanga, pamene muli kumudzi funsani agogo ngati adaionapo ndege yotera pa madzi kapena Beaver ya Air Malawi. Afunseni mtundu wake, kulira kwake ndi komwe inkatera, mulembe m'kope. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mukabwerako ndi phesi la chiwale ndi nkhani ya agogo, tidzakhale pansi tijambule pulani. Amene adzayambe ndi Beaver chaka chino, chaka chamawa manja ake adzakhala okonzeka kumanga Solent.